Noti Yopindika ya Bambo Wickson

Bambo Wickson ndi mlonda pa hotela ina ku Al Dafna, kuno kwa Aluya, chaka chachisanu tsopano, ndipo poima pawo ndi pafupi ndi piyano ya polandirira alendo. Masana aliwonse mayi wina wa ku Philippines amaimbapo nyimbo ya mkulu wina wakalekale wa ku Amereka, uja anatola jazi m'mabala n'kukaikhazika pakati pa mavayolini. Ine ndinaimvera ku Chicago, kumene dzanja lake limamvekabe ngakhale m'nyimbo za m'mafilimu. Bambo Wickson anaimva chiimire, khutu lina lili pa wailesi ya ulonda.

Manoti a m'mizere sawadziwa. Anakulira m'kwaya ku Nkhoma, ndiye anailemba yonse mwa do-re-mi kuseri kwa mafomu akutha ntchito, n'kuikamo mawu a Salimo. Komiti ya mpingo wa Amalawi ku Abu Hamour, kumene amaimbitsa kwaya, inawapatsa Lachisanu limodzi lokha, poti ndilo tsiku lopemphera kuno: ikakanika, khalasi, zathera pomwepo, kwaya ibwerere ku nyimbo za m'buku.

Vuto linali noti imodzi, yotsika pang'ono ngati munthu wodandaula. Pokonzekera, akafika pamenepo, masopulano ankaikweza mwakachetechete. Ankaganiza kuti Bambo Wickson alemba molakwa, ndiye ndani angawauze pagulu?

"Mwaiwongolanso!" anakuwa Bambo Wickson.

"Timati tikuthandizeni, bambo," anatero Mayi Tinenenji, nesi wotsogolera masopulano. "Timaona ngati mashifiti akutopetsani."

"Mayi, noti imeneyo ndiye nyimboyo!"

"Nanga mkulu wanu wa ku Amerekayo dzino linkamuwawa?"

Kwaya inafa nacho chiseko. Bambo Wickson sanaseke.

"Kwanu ku Mulanje, pa maliro, mumalira mowongoka?"

Mayi Tinenenji anatsinzina n'kutulutsa kaliu kaja amayamba nako amayi akamalowa pasiwa. Kanatsetsereka, n'kuima pomwepo penipeni.

"Imeneyo! Yala, tiyeni tonse!"

Lachisanu ndinakhala kutsogolo. Abasi anayamba pansipansi, matenala n'kulowa, ndipo atafika pamalo paja masopulano sanakweze. Anaipinda, abale, anaipinda mpaka tsitsi linandiima! Akenya ndi Amwenye amene amadikira nthawi yawo yopemphera pakhonde anadzaza pakhomo. Bambo Wickson anaiwala zoimbitsa, manja ali lende, kwaya n'kudzimalizira yokha.

Wapampando wa komiti, Bambo Overton, anaimirira kuti alengeze zilengezo. Anayang'ana pepala lawo, n'kulipinda.

"A Wickson," anatero, "tabwerezani kaye pa vesi yachiwiri paja."