Yesu wobwereka wa mayi Tionenji

Kwathu ku Chipoka kuli amuna angapo ndithu amene anakhalapo Yesu, ndipo mmodzi mwa iwo ndine. Ena lero ndi asodzi, wina ndi kondakitala wa minibasi, winayo sindimutchula poti mowa unamulowerera. Tonsefe anatisankha ndi mayi Tionenji.

Mayi Tionenji ankagulitsa usipa wouma ndi zitumbuwa pa siteshoni, masiku amene sitima inkaima pa Chipoka anthu n'kumagulira pa windo. Mwana wawowawo sanakhale naye. Amuna awo, a Yakobo, anadikira, anatopa, n'kukakwatira kwa Maganga. Iwo sanakwatiwenso. Ku tchalitchi anadzipatsa okha ntchito yofuna khanda la m'sewero la Khirisimasi. Chidole ankadana nacho koopsa. Ankati Mulungu sanatitumizire pulasitiki.

Disembala akangoyamba, ankayenda khomo ndi khomo kuyang'ana makanda amene atuluka m'chikuta. Lolira kwambiri ankalilumpha, ati Yesu asakatichititse manyazi pamaso pa alendo. Pa tsikulo ankakhala kuseri kwa nsalu yotchinga, khanda lili m'manja, kudikira kuti mtsikana wosewera Mariya abuule mokwanira. Kenako ankalipereka kudzera pansi pa nsalu, azimayi n'kuyamba nthungululu. Mayi anga amati ine ndinagona sewero lonse, ndipo akuti mpaka lero ndikalowa m'tchalitchi sindinasinthe.

Khirisimasi ya masiku amenewo ndimaisowa kwambiri. Mvula ya m'mawa, matope m'nsapato zatsopano zothina, mpunga kununkhira khomo lililonse, mango osowa wodya. Mnzanga Mohamed ankatidikira panja pa tchalitchi. Za sewero analibe nazo ntchito, koma nkhuku ya kwathu ankaidziwa bwino, poti ozinga anali bambo ake omwe. Mayi Tionenji ankadya kunyumba kumene kwachokera Yesu wa chaka chimenecho, ndipo palibe ankawaitana kawiri.

Chaka chathachi ndinabwera kuchokera ku Lilongwe ndi mkazi wanga Ella, titanyamula mwana wathu woyamba, Mayamiko, wa miyezi iwiri. Pakhomo panadzaza: alongo anga, ana awo, ndi Mohamed yemwe uja, tsopano ali ndi chimimba cha abwana. Mwana ankangodutsa m'manja, aliyense kumupezera mphuno ya kwawo. Apa m'pamene mayi anga anandiuza kuti mayi Tionenji anadwala sitiroko, manja anayamba kunjenjemera, ndipo a komiti anakagula chidole ku Salima. Kuyambira pamenepo sewero likayamba mayi Tionenji amangoyang'ana pansi.

Tsiku lotsatira anabwera okha, akutsimphina ndi ndodo. Anamuyang'ana Mayamiko nthawi yaitali, manja atawabisa m'chitenje. Sanapemphe kumunyamula. Anangonena kuti mwanayu ndi wofatsa, akanakhoza. Atapita ndinamunyengerera Ella kuti tiwabwereke mwana wa sewero, koma anakanitsitsa kwamtuwagalu. Anati simenti ya m'tchalitchi sidziwa kuti uyu ndi Yesu. Sindinamutsutse, chifukwa manja aja ndinali nditawaona akulandira kapu ya tiyi, theka lonse linathera pansi. Komabe mtima unandiwawa, poti ndinadziwa kuti akapanda kunyamula uyu, palibenso amene adzawapatse wake.

M'mawa wa Khirisimasi tinapezeka benchi limodzi ndi iwo. Sewero litayandikira, mayi wina wa komiti anadutsa ndi chidole chija, atachigwira mwendo umodzi ngati nkhuku yopita kumsika. Mayi Tionenji anaweramitsa mutu. Ella anaziona zonsezi. Anaimirira, n'kuwagwira mkono kupita nawo kuseri kwa nsalu. Ine ndinatsatira pambuyo, wopanda wondiitana.

Ella anawakhazika pa mpando, anatsitsa Mayamiko kumsana, n'kuwamangirira pachifuwa ndi chitenje chake. Mfundo anaikoka zolimba, kuti manja akafuna kunjenjemera anjenjemere okha. Anauza mayi wa komiti uja kuti chidole chipumule chaka chino, ndipo nthawi ikakwana iye mwini amasula mwana n'kumupereka kwa Mariya.

Mayi Tionenji anatsamiritsa chibwano pa kachipewa ka mwana, n'kumang'ung'udza kanyimbo, misozi ikutsika osaipukuta. Mayamiko anagona tulo tofa nato, kutsata bambo ake.

Kutsogolo kuja Mariya anabuula mokwanira. Ella anatambasula dzanja kuti amasule mfundo, koma atawayang'ana kumaso analibweza. Mariya anabuulanso, akusuzumira pansi pa nsalu. Yosefe anayamba kuyendayenda akukanda mutu, abusa ndi nkhosa zawo akudikira pakhomo, ndipo anthu anayamba kuseka. Ella anangoima, ndipo inenso sindikanatha kumuuza kuti afulumire.

Anadzutsa mutu ndi mayi Tionenji eni ake.

"Masulani, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Ndi wa eni ake uyu. Mukachedwa ndimuzolowera."

Ella anamasula n'kumupereka. Iwo anatsala ndi chitenje pamiyendo, akuyesa kuchipinda ndi manja awo aja, ndipo sitinawathandize.