Timbalame Titatu pa Waya

Ndinanyamuka ku Bangwe Loweruka m'mamawa, chithunzi nditachibisa m'buku la nyimbo. Chinabwera ndi dalaivala wa lole yemwe anakana kutchula dzina lake. Mu envulopumo munalibe kalata, koma pamwamba pake panali malembedwe a achimwene anga a Fuledi, omwe anasowa atamva kuti a chipani akuwafuna. Pachithunzipo panali timbalame titatu tofiirira titatera pa waya. Amayi ankati ndi atimba, ine ndinkati ndi mpheta. Tinagwirizana kuti ndikafunse a Saidi ku Chilomoni, omwe kale ankaphikira mzungu wina wokonda kulemba mayina a mbalame.

Pa siteji achinyamata a chipani anafunsa khadi la umembala. Ndinawaonetsa, n'kukwera basi ya matambala khumi. Bambo wa jekete yakuda yemwe ndinakhala naye ankangoyang'ana buku langa.

"Kwaya Loweruka, mayi?"

"Tikukaphunzira nyimbo."

"Nyimbo yanji?"

Ndinatchula ya pamaliro, iye n'kutembenukira kuzenera.

Ku Limbe, posintha basi, ndinagula chinangwa chophika, koma sindinachidye, pakuti bambo uja anakweranso basi yanga. Atatsika pa Chichiri m'pamene ndinapezako mpweya.

Ndinafika ku Chilomoni dzuwa lili paliwombo. A Saidi ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato.

"Wakutumani ndani?"

"Palibe, bambo. Ndikungofuna dzina la mbalamezi."

Anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali. Kenaka anaponya maso kumpanda wa aneba.

"Mpheta izi!" anatero mokweza. "Zadzaza pamsika paja. Mwadzivutitsa pachabe."

Ndinaimirira misozi ikulengeza. Anati andiperekeze. Titafika pomwe panalibe munthu, anayankhula osandiyang'ana.

"Mpheta za msana wofiira chonchija kuno kulibe. Ndinaziona kamodzi kokha, titapita ndi bwana ku Tanzania. Wojambulayo ali moyo, ndipo sali m'ndende. Ine sindinakuuzeni kanthu."

Pobwerera sindinaone n'komwe yemwe ndinakhala naye m'basi. Amayi ndinawapeza akundidikira pakhomo, aneba ali potero akuchapa.

"Ndi mpheta basi, amayi!" ndinatero mokweza.

Zotsalazo ndinawauza m'nyumba, chitseko titatseka. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti m'zaka zimenezo yankho lenileni linkabwera pokuperekeza.