Mlandu wa Buku Lobwereketsa

Anagogoda Loweruka m'mawa, m'nyengo ya mvula ya mwezi wa Epulo, ndili pakati pochapa. Ndinatsegula chitseko manja ali thovu lokhalokha, poyesa kuti ndi mayi amene amandigulitsa masamba. Pakhomo panali amuna awiri ovala zovala wamba ndi mkazi mmodzi wa yunifolomu ya polisi. Wamkulu wa iwo anatchula dzina langa molipotoza, monga amachitira anthu onse a ku Nairobi, kenako anati, "Mama, twende." Chiswahili changa n'chosweka, koma mawu akuti tiyeni ndinkawadziwa.

Ndinafunsa kuti tikupita kuti. Anati tikukangocheza pang'ono. Kucheza kwakeko kunayamba ndi kukhuthulira mabuku anga onse m'masaka awiri. Anansi anga a ku Buruburu anaima m'makonde mwawo kuonerera, ndipo palibe amene ananena kanthu. Sindiwada, inenso ndikanakhala chete.

Ndifotokoze kaye za mabukuwo, chifukwa mlandu wanga wonse unali pamenepo. Ndine mayi wamasiye, ndipo ndinabwera ku Nairobi kudzagwira ntchito ya mu ofesi ku bungwe lina limene sindilitchula. Amalawi a kuno timakumana Lamulungu kupemphera m'Chichewa, ndipo kamodzi pamwezi amayi ankadzera kwanga tikaweruka. Tinkamwa tiyi, ine n'kumawauza za mabuku amene ndawerenga. Ndili ndi pakamwa, zimenezo aliyense amadziwa, ndipo buku ndikalikonda ndimalikakamiza pa munthu ngati mankhwala. Wovutika ndi apongozi ndinkamupatsa nkhani ya mkazi amene anakwatiwa ku mtundu wina n'kukaphunzira kuphika ali wamkulu kale. Amene wangoferedwa ndinkamupatsa ya mayi amene abale a mwamuna anamulanda katundu mpaka mphasa. Amene ana awo aakazi akukulira kuno osadziwa chinamwali ndinkawauza kuti awerenge kaye buku lofotokoza miyambo ya atsikana m'mayiko osiyanasiyana, asanayambe kukalipira anawo. Ena ankawerengadi. Ena ankangolisunga mwezi wathunthu n'kulibweza lili ndi mafuta a mandasi patsamba loyamba, kusonyeza pamene analekezera.

Mmodzi yekha ndiye ankawerenga ngati munthu waludzu. Ndimutcha mtsikana, ngakhale anali wapabanja, chifukwa anali wa msinkhu wa mwana wanga. Mwamuna wake anali bwana wamkulu ku bungwe lina, komanso mkulu m'gulu lathu la mapemphero. Anakamutenga kumudzi atangomaliza sukulu n'kudzamukhazika m'nyumba ya mpanda ku Lavington. Analibe m'bale kuno, ankhoswe ake anali kutali, ndipo pasipoti yake ankasunga ndi bamboyo. Ankavala malaya aatali manja ngakhale kutenthe bwanji.

Tsiku lina anzake atapita, iye anatsalira kutsuka makapu. Ali chiweramire pasinki anandifunsa kuti, "Amayi, mabuku onse mwandipatsawa mkazi amangopirira, apo ayi amafa. Kodi palibe limene mkaziyo amachoka n'kukhala ndi moyo?"

Pa mabuku anga onse panalibe lotero. Sabata yotsatira ndinayendayenda kwa anthu ogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa misewu ya m'tauni mpaka ndinalipeza. Linali la mkazi amene anachoka pabanja ndi kachikwama kokha, n'kukayamba kusoka mayunifolomu a ana asukulu m'tauni ina. Sanalemere, sanapezenso mwamuna wina wabwino monga zimathera nkhani zambiri. Anangokalamba, akugona tulo. Ndinalemba dzina langa patsamba loyamba, monga ndimachitira ndi mabuku anga onse chiphunzitsireni aphunzitsi a ku pulayimale, n'kumupatsa.

Patapita masabata angapo anafika kwanga masana, diso limodzi litatsekeka. Sindinamufunse zambiri. Tinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, mpaka ku Kibera, kwa mnzanga wa ku Kenya konkuno amene amaluka tsitsi, ndipo iye anamupatsa malo kuseri kwa katani. Tinagwirizana kuti akhale kumeneko mpaka tipeze njira yomubwezera kwa makolo ake. Buku lija analiiwala pansi pa pilo ku Lavington.

Kupolisi anandilanda foni, lamba wa diresi ndi nsapato imodzi. Ndinafunsa kuti inayo yalakwanji. Wapolisi wamkazi uja anati munthu wa nsapato imodzi sathawa. Anandiuzanso kuti aliyense wa yunifolomu ndizimutcha afande, ngati ndikufuna kuti zindiyendere.

Anandiitana kokafunsidwa masana a tsiku lomwelo. M'chipindamo munali tebulo, mipando iwiri, ndi buku langa lili pakati pa tebulopo ngati mpeni wopezeka pamalo a ngozi. Wamkulu uja ankayankhula Chingerezi pang'onopang'ono kuti ndimve bwino. Anati mlandu wanga ndi wozembetsa anthu, ndipo mlendo wopezeka ndi mlandu wotere amakalamba m'ndende.

"Dzina ili ndi lanu?"

"Ndi langa, afande."

"Munamupatsiranji?"

"Anandipempha buku labwino."

"Ali kuti?"

Ndinati sindinena. Sindinanene kuti sindikudziwa, chifukwa kunama ndimagwidwa msanga. Iye anatsegula bukulo, n'kuyendetsa chala pamizere ngati mwana wa sitandade 2, ndipo anati, "Ndiye sukulu yanu ndi imeneyi? Kuphunzitsa akazi a eni kuthawa?" Pamenepo pakamwa panga panandigulitsa. Ndinati ngati mapepala angatulutse mkazi m'nyumba ya mpanda, ndiye kuti anali ataima kale pachipata, ndipo afunse amene anamuimika pamenepo.

Zimene zinatsatira sindizilemba zonse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero, ndipo anthu amayesa ndi ukalamba.

M'chitokosi cha akazi munali simenti, ndowa pakona, ndi kawindo kamene kankalowetsa mvula koma osati mpweya. Ndinapezamo amayi ogulitsa malonda m'misewu ndi wina wophika kachasu. Atandifunsa chimene ndalakwa ndinati mabuku, ndipo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wakachasu uja anati chiyambireni kumangidwa sanaonepo munthu wolowa chifukwa cha zopanda phindu ngati zimenezo. Komabe anandisunthira malo kutali ndi ndowa, poti ndinali wamkulu. Nthawi ikatalika ankati, "Malawi, tiuze buku limodzi," ine n'kumafotokoza m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa chosweka. Nkhani ya wamasiye wolandidwa katundu sanandilole kuimaliza, aliyense anali ndi yake yoposa pamenepo.

Tsiku lililonse ankandiitana n'kundifunsa funso lomwe lija. Ndikafunsa za kukhoti ankati mawa. Ndinkachita mantha, ndisaname. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, ndinkaopa kuthamangitsidwa m'dziko la eni ndi manyazi, ndipo mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi anali atatsala kunyumba. Koma ndikaganiza za diso lotsekeka lija, mantha ankasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo umafunditsa kuposa bulangete la kupolisi.

Lachiwiri kunabwera mwini mkazi. Anavala suti yotuwa, akununkhira sopo, ndipo apolisi anamupatsa mpando wabwinowo. Anandipatsa moni wa kwathu, manja pamodzi.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Monga mukuoneramu, bambo."

"Zandimvetsa chisoni kwambiri. Ife ndi anthu amodzi, sitiyenera kumaonetsana zoterezi pamaso pa alendo. Mungondiuza kumene kuli mkazi wanga, lero lomwe mukagona pabedi panu. Za pemiti yanu ya ntchitonso palibe angazikhudze."

"Mkazi wanu si mbuzi yoti yasochera, bambo. Akafuna adzakuuzani yekha."

Anamwetulira, n'kundifunira tsiku labwino. Mwa zonse zimene ndinamva m'nyumba imeneyo, Chichewa chaulemu chimenecho n'chimene chinandiopsa kwambiri.

Amayi a gulu lathu sanandisiye. Ankabwera mosinthana ndi mpunga, nyemba ndi tiyi wa m'fulasiki, ndipo anandibweretsera mankhwala anga. Lachitatu anabwera amayi a pampando, mayi wachifundo amene sindinamuonepo atakwiya. Atandiona ndili ndi nsapato imodzi, tsaya litatupa, analira. Kenako anandigwira dzanja kudzera pazitsulo n'kunena kuti, "Musadandaule, asisi. Nkhaniyi tikuiyendetsa mwa kwathu." Ine ndinayesa akunena zosonkherana kuti apeze loya. Ndinawathokoza.

Zimene ankatanthauza ndinazimva pambuyo pake. Kwathu munthu akakulakwira, kapena akakhala ndi mphamvu zokupweteka, simuyamba ndi khoti. Mumatenga akuluakulu n'kupita kukapepesa. Amayiwo anamanga zitenje, n'kupita ku Lavington. Anakana masofa, anakhala pansi pa matailosi miyendo atatambasula, akazi a madigiri awo, ena mabwana m'maofesi, n'kupepesa m'malo mwanga. Bamboyo anawalandira bwino, anawapatsa zakumwa, ndipo anati iye alibe mangawa ndi munthu. Mkazi wake akangobwera, mlandu watha.

Kumupeza sikunawavute. Theka la amayiwo ankalukitsa tsitsi kwa mnzanga wa ku Kibera uja. Sanamukoke mtsikanayo, sanamukalipire. Anangokhala naye pansi n'kumuuza kuti mayi amene anakuthandiza, wa msinkhu wa amayi ako okubereka, akugona pasimenti, amenyedwa, ndipo magazi akwera. Anamufunsa kuti akafera momwemo iye adzauuza chiyani mtima wake. Kwa mwana woleredwa kwathu, mawu amenewo ndi okwanira.

Lachisanu masana chitseko chinatseguka ndipo wapolisi wamkazi uja anati, "Malawi, toka," kundiuza kuti ndituluke. Anandibwezera foni, lamba ndi nsapato. Wamkulu uja sanadzutse n'komwe mutu pa zimene ankalemba. Anangoti wodandaula wachotsa mlandu. Ndinafunsa za mabuku anga, iye anati ndithokoze kuti ndikutuluka ndi miyendo yanga. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndivomere. Ndinaganiza kuti atopa nane, kuti ndawagonjetsa.

Panja dzuwa linandithobwa m'maso. Nditayamba kuona bwino ndinazindikira amayi a gulu lathu ataima pamodzi pafupi ndi chipata, ndi galimoto lalikulu lakuda pambali pawo. Pakati pawo panatuluka mtsikana uja. Anayenda mpaka pamene ndinaima, n'kugwada m'matope a pabwalo la polisi.

"Amayi, pepani. Ndakuvutitsani."

"Wakuuza ndani kuti ubwere?"

"Palibe, amayi. Ndabwera ndekha."

"Ine sindinanene kanthu! Ukumva? Sindinawauze!"

"Ndikudziwa, amayi. N'chifukwa chake ndabwera."

Ndinamugwira mkono kuti ndimudzutse, ndipo sindinafune kumusiya. Ndinayang'ana amayi anzanga kuti wina andithandize, koma onse anali kumwetulira misozi ili m'masaya. Bambo uja anatsitsa galasi la galimoto n'kunena kuti, "Mupite bwino, amayi, mukapume." Mtsikanayo anachotsa zala zanga pamkono pake chimodzichimodzi, mwaulemu, n'kukalowa kumpando wakumbuyo. Galimoto linatuluka pachipata ine ndisanatuluke.

Lamulungu lake kumapemphero kunali chikondwerero. Amayi a pampando anaimirira n'kunena kuti Mulungu wayankha mapemphero awiri nthawi imodzi, mlongo wathu watuluka ndipo banja labwererana. Nthungululu zinamveka. Anandipempha kuti ndiime ndipereke umboni. Ndinaima, ndipo mabenchi angapo kutsogolo kwanga ndinaona mtsikana uja atakhala pambali pa mwamuna wake, mutu uli pansi. Ine wa pakamwa, amene ndinayankha wapolisi mpaka kutaya khutu, ndinasowa mawu. Anthu anayesa ndadzazidwa ndi kuthokoza, ndipo anayambitsa nyimbo kuti andithandize.

Amayi aja sindingawade. Anandikonda m'njira imene anaphunzitsidwa, ndipo ndikanakhala panja, wina ali m'kati, sindikudziwa ngati sindikanamanga nawo chitenje. Koma ndinawakwiyira nthawi yaitali, ndipo mkwiyowo sunathe wonse. Ntchito yanga ilipo, pemiti anaiwonjezera. Ndimatseka ndi kutsegula chitseko changa nthawi imene ndafuna, ndimagona pabedi, ndimamwa madzi osapempha. Zinthu zimenezi n'zokoma, ndipo amene sanalowepo m'chitokosi sangadziwe kukoma kwake. Koma ndikudziwa amene anandigulira, ndi chimene analipira.

Miyezi ingapo pambuyo pake bamboyo anasamutsidwira kudziko lina, ndipo anapita naye mtsikana uja. Foni ya mtsikanayo inasiya kulowa. Ndafunsa amene ali ndi abale kumeneko, ndafunsa a kumudzi kwawo, aliyense amangoti ali bwino, poti palibe wamva kanthu. Anthu akandifunsa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji m'manja mwa apolisi, ndimawauza kuti sabata sinakwane n'komwe, iwo n'kunena kuti ndiye zinali bwino. Palibe amafunsa kuti mtsikana uja wakhala nthawi yaitali bwanji kumene aliko.