Pansi pa Boti la Marvella

Marvella Kuhlman anayamba kuwedza imvi zili mbuu kumutu. Moyo wake wonse anali dalaivala wa basi ya ana asukulu kum'mwera kwa Ohio, ndipo madzi ankawaopa ngati njoka. M'mawa ndi madzulo ankadutsa pa mlatho wa damu la Pennock maso ali tong'o pamsewu. Ana anazitulukira, ndiye ankakuwa mwadala, "Mayi Kuhlman, taonani boti lagubuduka uko!"

"Khalani pansi," ankatero iye, "apo ayi ndikutsitsirani momwemo."

Msodzi anali mwamuna wake, Orval, amene ankagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi. Orval analibe nazo ntchito nyengo yotentha, pamene damu limadzaza maboti aphokoso. Nthawi yake inali Novembala, masamba atatha kuyoyoka, anthu atakokera maboti awo m'magalaja, madzi atada bii ndi kuzizira. Pamenepo ndi pamene nsomba za kirapi zimaunjikana pansi, m'nthambi za mitengo yomira, ndipo nsomba zamizeremizere zotchedwa pechi zimanenepa. Ankabwera kunyumba milomo itang'ambika ndi mphepo, ndowa ili tho. Marvella ankapala mamba, kuviika nsomba mu ufa wachimanga ndi kukazinga, uku akudandaula kuti makatani onse anunkha.

Orval anabadwira pansi pa madzi omwewo, m'mudzi wa Tilden, umene anthu anasamutsidwamo iye ali wamng'ono, boma litatseka mtsinje. Koma za mudziwo sankakamba. Ukamufunsa ankangoti, "Kuli matope basi," n'kutembenuza nkhani.

Atapuma pantchito onse awiri, Orval anayamba kuiwala. Makiyi ankapezeka m'firiji. Lamulungu lina anasochera pochokera kutchalitchi, msewu umene anauyenda kuyambira ali mnyamata. Adokotala ananena dzina la matendawo, ndipo mwana wawo Jolene anabwera kuchokera kutauni kudzalanda makiyi a galimoto. Novembala atakwana, Orval ankavala jekete lake lofiira mamawa n'kukaima pawindo, osalankhula, mpaka masana.

Marvella anapirira sabata imodzi. Kenako anamenya supuni patebulo.

"Chabwino, nkhalamba iwe, tiye. Koma ukandimiza ndidzakuzunza mpaka kumanda."

Kubweza ngolo ya boti m'madzi sikunamuvute, munthu wozolowera basi. Delmer, wogulitsa tinsomba tanyambo pagombe, anatuluka m'kasitolo kake atagwira kapu ya khofi.

"Marvella! Kodi dziko likutha? Iwe m'boti?"

"Tseka pakamwa, Delmer, ungameze ntchentche. Patse nyambo."

"Ntchentche mu Novembala? Vala chovala choyandamitsacho, mayi, sindikufuna kukusaka ndi ngowe."

Chodabwitsa chinali chakuti pamadzi Orval ankabwerera. Munthu amene kunyumba ankalephera kutchula supuni ankakhala kutsogolo kwa boti n'kumaloza ndi chala. "Tsata msewu wa kuchigayo. Ukafika pa sitolo ya Ambrose ukhotere kumanzere." Marvella ankangoona madzi okhaokha. Koma akayang'ana pa kagalasi ka makina osonyeza zapansi, ankaonadi msewu utagona, ndi mulu wa miyala pomwe panali sitolo. Orval anamuphunzitsa kuti kirapi sikoka, umangomva chingwe chapepuka ngati wina wachinyamulira pansi. Anamuphunzitsa kuti mlomo wake ndi wopyapyala ngati pepala, ukathamanga magazi umang'ambika.

"Pang'onopang'ono, Marvella. Si ana ako a m'basi awa."

Chaka chimenecho Marvella anaseka kwambiri kuposa zaka zambiri zam'mbuyo. Mantha a madzi sanathe, koma anaphunzira kukhala nawo m'boti limodzi.

Chaka chotsatira Orval anali atafooka. Anapitabe. Tsiku lina kunacha kopanda mphepo, nkhungu itakuta damu lonse mpaka dzuwa litakwera. Orval analoza njira imene anali asanailozepo, kudutsa pomwe panali tchalitchi, kulowa m'kagombe kena kobisika pakati pa mapiri awiri.

"Zimitsa injini. Tafika."

Marvella anayang'ana pa kagalasi. Pansi pawo panali mtengo umodzi waukulu, nthambi zake zonse zilipo, ndipo nsomba zinali lendelende m'nthambimo ngati zipatso. Anali asanaonepo zochuluka chotero. Anakoleka kansomba kumbedza n'kutsitsa. Chingwe chisanafike ndi pansi pomwe chinapepuka, ndipo anavuula kirapi yaikulu ngati mbale, yamawangamawanga, yozizira m'manja ngati chitsulo.

"Orval, taona!"

Orval sanasekerere. Anamuyang'ana ngati akuona mlendo pakhomo.

"Inu mayi," anatero mwaulemu, "ibwezeni. Pano sitiwedza."

Anali asanamutchepo mayi chikwatiranireni. Marvella anamuyandikira.

"Ndine Marvella, iwe."

"Zikomo, mayi. Koma chotsani mbedzayo, mungamukole. Pali mwana pano."

"Mwana wake uti?"

"Lyle. Wagona pansi pa mtengo wa maapulo. Akutsokomola, simukumva?"

Marvella anabweza nsomba ija m'madzi. Anatchera khutu asakufuna. Kunali zii. Kenako chapatali, m'kati mwa nkhungu, munamveka kamawu kouma, kawiri, ngati kukhosi kwa mwana. Anadziuza kuti ndi bakha wam'madzi. Kamawuko sikanamvekenso.

Atatembenuka anapeza Orval atamasula chovala choyandamitsa, akuvula jekete lake lofiira.

"Ukutani? Uzizidwa!"

"Iye ndiye akuzizidwa. Amayi anati ndimufunditse."

Analimbana, boti likupendekeka uku ndi uku, Marvella atagwira mkono umodzi wa jekete. Orval anali akadali ndi mphamvu za munthu wokwera mapolo. Marvella ataona madzi akulowa cham'mbali anataya. Orval anagwada n'kuliyala jeketelo pamadzi mosamala, kuwongola ndi kolala yomwe. Linayandama kanthawi, mikono ili tambalale, kenako linamira pang'onopang'ono, kufiira kwake kukuzirala mpaka kutheratu. Orval anakhala pansi atapepukidwa, akunjenjemera, nkhope ili phee.

Marvella anamuveka jekete lake lomwe, n'kuliza injini. Pagombe Delmer anayamba, "Lero mwabwera chimanjamanja, akatswiri?" koma ataona nkhope ya Marvella anangothandiza kukoka boti.

Pa zaka zonse za ukwati wawo, dzina loti Lyle Marvella anali asanalimvepo. Makolo a Orval anamwalira kale. Wotsala yekha wa ku Tilden anali msuweni wake wamkulu, Ferne, amene ankakhala kunyumba yosungirako okalamba. Marvella anapita kukamuona atanyamula chitumbuwa cha dzungu.

Ferne atamva dzinalo anasiya foloko.

"Wakuuza ndani?"

"Orval. Pamadzi."

"Ndiye wadwaladi," anatero Ferne. Kenako anafotokoza. Lyle anali mng'ono wake wa Orval. Anamwalira ndi chifuwa chokoka mtima ali wamng'ono kwambiri, nyengo yozizira yomaliza asanasamuke, ndipo anamuika kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa maapulo, chifukwa msewu wa kumanda unali utatsekedwa ndi chipale chofewa. Anthu osamutsa manda atafika ndi mafosholo awo, mayi ake anazula mtanda, nasalaza dothi, n'kuima pakhomo kuwauza kuti pano palibe manda.

"Anati, mwana wanga sakumbidwa ngati mbatata. Anatilumbiritsa tonse, ana ndi akulu omwe. Ndiye tinangokhala chete, madzi n'kubwera." Ferne anapukuta pakamwa. "Ankagona bedi limodzi awiriwo. Orval ndiye anadzuka m'mawa n'kumupeza atazizira."

Orval sanapitenso kudamu. Anagwidwa chibayo chaka chatsopano chitangolowa, ndipo anamwalira madzi oundana asanasungunuke. Pogula mwala wa pamanda, Marvella anauza wosema kuti pansi pa dzina la Orval alembepo lina: Lyle, mng'ono wake. Jolene anakwiya.

"Amayi, anthu aziti chiyani? Munthu sitikumudziwa n'komwe."

"Azifunsa. Ndiziwayankha."

Anafunsadi, ndipo ankawayankha, wina aliyense, pakhomo la tchalitchi.

Jolene ankafunanso kuti boti ligulitsidwe, mayi ake asamukire kutauni. Marvella anakana zonse ziwiri. Masamba akayoyoka ankakokabe boti lake kupita kwa Delmer, yekha, ndi fulasiki ya khofi ndi magolovesi odula zala. Misewu ya Tilden anali ataidziwa pamtima ngakhale sanaipondepo. Ankawedza pachigayo, pa sitolo ya Ambrose, pamlatho wakale. Kukagombe kaja sankalowako, koma ankapezeka kuti wadutsa pakamwa pake, injini ataichepetsa, khutu lili tcheru.

Tsiku lina chakumapeto kwa Novembala, m'mphepete mwa madzi mutayamba kuundana, anaona boti lachilendo m'kagombemo. Munali amuna atatu ovala zipewa zowala, nangula atamuponya pamwamba penipeni pa mtengo uja. Ankavuula nsomba motsatizana, akuseka ndi kujambulana pafoni. Mmodzi atamuona anakweza kirapi m'mwamba.

"Agogo, bwerani kuno! Zilipo zokwanira tonse!"

Marvella anazimitsa injini. Anafuna kuwakuwira kuti achoke pamanda a Lyle, koma anadziletsa. Sanalakwe kanthu anthuwo. Anakhala pomwepo boti likutengeka pang'onopang'ono, akuyang'ana zingwe zitatu zikutsika ndi kukwera, mpaka zala zake zinachita dzanzi. Kenako anakweza dzanja kuwabayibitsa n'kubwerera kugombe.

Nsomba zimene anagwira tsiku limenelo anapatsa Delmer, ndowa yonse. Kunyumba anawiritsa mazira awiri, n'kudya ataimirira, jekete asanavule.