Dokotala Wothawidwa ndi Odwala Ake

Mayi Speciose Nyiramana ndi dokotala wa nyama zakutchire kuno ku Kinigi. Ine Protais, amene ntchito yanga ndi kulondola mapazi a agorila m'phirimu, ndawanyamulira chikwama mpaka msana kupindika. Anabwera ali mtsikana wolumpha matope ngati mbuzi. Lero bondo lawo lakumanzere linatha, amakwera phiri akukoka mwendo, uku akutukwana chapansipansi.

Ntchito yawoyi ilibe zikomo. Gorila sungamuuze kuti ayasamule umuone kukhosi. Umamulasa jakisoni wogonetsa uli chapatali, abale ake onse akuona, ndipo saiwala ayi. Alendo odzaona nyama amakhala nawo pafupi n'kumajambula mwamtendere, koma akangotulukira munthu amene amawamasula m'misampha, kukuwa kwake ngati kwagwa maliro.

Chaka chatha kamwana kakakazi ka gorila, Keza, kanakodwa dzanja mu waya wotchera agwape. Wayayo ankalowerabe m'mnofu, dzanja likutupa. Tsoka lake, bambo wa banjalo, chimphona cha msana wotuwa chotchedwa Rugamba, ankawadziwa bwino mayiwa poti anamulasirapo akazi ake awiri. Tikafika ankangoponya diso kamodzi, n'kusonkhanitsa banja lonse, ulendo kumtunda. Ife pambuyo wefuwefu, mvula ili pamutu, zitsamba zoyabwa zikutilowa m'malaya. Madzulo tinkatsika chimanjamanja, mawa lake chimodzimodzi.

Tinayesa kumupusitsa. Mayi anavala jasi langa ndi chipewa changa, mfuti ya jakisoni tinaibisa mumtolo wa nsungwi. Ndinawanena kuti afanana ndi mlamu wanga wina chidakwa, koma sanaseke. Rugamba sanavutike n'kuyang'ana nkhope. Anangoona mwendo wokokawo, basi banja lonse zii.

Ndinawapempha mayiwo kuti ntchitoyi amusiyire Gaspard, dokotala watsopano amene agorilawo anali asanamudziwe. Anandikalipira pamaso pa anzanga. Akuti Gaspard anazolowera ng'ombe, akangopyoza mankhwala pang'ono kamwanako sikadzukanso. Tinakweranso, tinathawidwanso. Tsiku limenelo fungo la bala linkamveka pamasamba pomwe Keza anagona, ndipo mtima wanga unapsa.

"Mayi, amene akuwoletsa dzanja la mwanayu si Gaspard. Ndi mwendo wanuwu."

Anatembenuka n'kuyamba kutsika phiri, akukoka mwendo. Zinandiwawa kwambiri, poti mwendowo unathera m'phiri lomweli, ine ndikuona.

M'mawa mwake anamuwerengera Gaspard muyeso wa mankhwala mobwerezabwereza mpaka mnzathuyo kutopa nawo, kenako anamulola kukwera ndi anzathu ena. Mayiwo anatsala pampanda wa miyala wotchinga njati kuti zisalowe m'minda ya mbatatesi. Nanenso ndinatsala, poti jasi langa linali litadziwika. Tinakhala pamenepo wailesi yam'manja ili pakati pathu, azimayi akupalira m'munsimu.

Dzuwa litapendeka wailesi inakhosomola. Anali Gaspard. Waya wachoka, Keza wadzuka, ali pamsana pa mayi ake. Koma zala ziwiri zinali zitafa kale, ndiye wazidula. Ankapepesa mobwerezabwereza, akuti mwina akanachita bwino kuposa pamenepo.

Mayi Speciose anatenga wailesi ija m'manja mwanga.

"Usapepese, mwana wanga, wagwira ntchito. Zala zimenezo ndadula ndine."

Anandibwezera wailesi, n'kuyamba kuvula majombo pang'onopang'ono. Lakumanzere linakana kuvuka, ndipo ndinagwada n'kuwathandiza kukoka.