Tsiku Limene Agogo Ananyoza Kasikuta

Nditasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kuboma, vuto la kwathu silinali mabuku kapena yunifolomu. Linali mtunda. Mudzi wathu unali kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza, ndipo kuti ndikafike kusukulu wapansi ndinkanyamuka nkhuku zisanatsike mumtengo, n'kukafika dzuwa litayamba kale kuluma. Teremu yoyamba yonse ndinayenda choncho. Ndinkalowa m'kalasi phunziro loyamba litatha, miyendo ili mbuu, ndipo pofika phunziro lachitatu ndinkakhala ndikuwodzera. Potsekera, aphunzitsi aakulu anandipatsa kalata yoti ndikapereke kwa makolo.

Makolo ndinalibe. Bambo ndi mayi anamwalira motsatizana ndili ndi zaka zitatu, ndipo anandilera ndi agogo, amayi awo a mayi anga. Kalatayo ndinawawerengera iwowo tili pakhonde. Inkati ndikapitiriza kuchedwa, malo anga apatsidwa kwa mwana wina.

Agogo sanali munthu wolankhula. Tinkatha kutola thonje tsiku lonse osauzana mawu okwana khumi. Ine ndinazolowera kuwamva powayang'ana: mmene amangira nsalu, mmene aikira khasu pansi, kumene alozetsa msana. Ndinkadziona ngati katswiri pa zimenezi. Malo amodzi okha amene pakamwa pawo pankamasuka anali pamsika wa mbuzi, ndipo kumeneko anali ndi kachitidwe kawo. Mbuzi imene aikonda ankainyoza. Ankaigwira pamsana, kuiyasamulitsa, n'kufunsa mwiniwake ngati wabweretsa mbuzi kapena chikopa choyenda. Ankapitiriza mpaka munthuyo atatopa n'kutsitsa mtengo. Koma imene sakuifuna ankangoti, “Yabwino, bambo, mwaisamala,” n'kudutsa.

Nkhani ya kalatayo inakafika kwa abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo anga, amene anali makaniko wa mathirakitala ku esiteti ya nzimbe. Iwo anali Asena, ife Amang'anja. Kwa iwo mwana ndi wa kuchimuna, kwa ife mwana ndi wa kuchikazi. Chimwalirire makolo anga, nkhani yoti ine ndine wa kuti inali ngati njoka yolowa m'denga: aliyense ankadziwa kuti ilimo, koma panalibe wofuna kugwedeza udzu.

Abambo aang'onowo anabwera Lamulungu lina masana atavala ovolosi yochapa. Atamwa madzi, anauza agogo kuti ng'ombe zimene bambo anga anasiya ankazisunga, ndipo tsopano agulitsapo kuti andigulire chokwera. Mmwenye wina wa sitolo pafupi ndi esiteti ankasamukira kutauni, monga anali atalamulidwa amwenye onse a m'midzi, ndipo ankagulitsa katundu yense, njinga zomwe.

“Ndinene pamaso panu, amayi, kuti mawa musadzati ndinakuberani mwana,” anatero. “Ikakhala yakapalasa, azichokera kuno. Pa Mwanza aziisenza. Koma azifikabe atatopa, ndipo mvula ikagwa sindikudziwa. Ikakhala yamoto, petulo ali kwathu, sipanala ili kwathu, msewu uli kwathu. Kumene izigona njingayo, mwana azigona komweko.”

Agogo anatapa fodya m'kabotolo kawo, n'kununkhiza mphuno zonse ziwiri.

“Tikaone,” anatero.

M'mawa mwake tili kumunda ndinalimba mtima.

“Agogo, ine ndikasankhe chiyani?”

“Ukufunsa ine? Ndimapita kusukulu ine?”

“Koma mukakhala nokha...”

“Thonje ukulisiya kumbuyoko.”

Sabata yonseyo ndinawayang'anitsitsa kuposa kale. Lachiwiri anasoka dilesi langa lotuluka nalo, ine n'kuganiza kuti akundikonzekeretsa ulendo. Lachinayi anamata ming'alu ya kuchipinda chimene ndinkagona, n'kuganiza kuti akufuna ndikhale. Lachisanu anandituma kukaitanitsa mbewu ya mapira yokwana munda wa anthu awiri, koma madzulo ake anandiphunzitsa kukazinga nsomba mmene amakondera Asena. Ndinafika Loweruka mutu uli ngati mtanga wa nkhuku.

Tinakwera ngolo ya ng'ombe mpaka pamsewu, kenako basi. Potsika tinapeza anyamata a malaya ofiira akuona makhadi a chipani. Agogo anamasula pangodya ya nsalu n'kuonetsa lawo ndi langa. Mmodzi wa anyamatawo anayang'ana dilesi langa kuyambira m'chiuno mpaka pansi, kuona ngati labisa mawondo, kenako anatilozera ndi mutu kuti tidutse. Abambo aang'ono ankatidikira pakhonde la sitolo.

M'sitolomo mashelefu anali atatsala matabwa okhaokha. Mwiniwake, bambo wa imvi wolankhula Chichewa chosalala kuposa changa, anatitengera kuseri. Pansi pa mtengo wa bwemba panali zinthu zitatu: njinga yamoto yaikulu yakuda, njinga yakapalasa yachikazi yopanda mtanda, ndi kanthu kena kobiriwira kamene ndinali ndisanakaonepo pafupi. Mwini sitolo anati dzina lake ndi sikuta. Matayala ake anali ngati a wilibala. Kanalibe thanki pakati. M'malo mwake kanali ndi pansi popondapo mapazi onse awiri pamodzi, ndipo kutsogolo kanali ndi chitsulo chotambalala chotchinga mawondo.

Abambo aang'ono anathamangira yaikuluyo. Anagwada, kusuzumira injini, kuiliza, nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana.

“Iyi ndiye njinga. Iyi ngakhale ku Chapananga ikafika.”

“Akwera ndani?” anafunsa agogo.

“Mwanayu.”

“Atavala chiyani?”

Masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu, ndipo njinga imeneyo inkafuna kutangadza miyendo, dilesi n'kukwera mpaka m'ntchafu. Abambo aang'ono anakanda kumutu n'kuseka.

“Nkhabe, apa mwandigwira,” anavomera, Chisena chitawapulumuka. “Tigule lero, mawa tikamuone kupolisi. Tiisiye.”

Zinatsala ziwiri, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo la chilichonse. Agogo anayamba ndi yakapalasa. Anaizungulira kamodzi, kufinya tayala lakumbuyo, kuliza belu.

“Yabwino, bambo,” anatero. “Mwaisamala.”

Anadutsa n'kukaima patsogolo pa kasikuta.

“Nanga ichi n'chiyani? Bakha?”

“Ndi sikuta, mayi. Mwana wanga wamkazi ndiye ankakwera,” anayankha mwini sitolo.

“Akadali moyo?”

“Ali moyo, ali ndi ana awiri.”

“Ndi mwayi wake. Timiyendo timeneti tingalumphe ndowe ya ng'ombe? Tayatsani timve.”

Mwini sitolo anaponda kawiri, kanthuko n'kuyamba kulira, utsi woyera ukutuluka kumbuyo.

“Kali ndi chifuwa,” anatero agogo. “Mwamuna wanga ankatsokomola chomwechi, sanamalize chaka.”

“Kamatero kakagonera, mayi. Kakatenthedwa kamasiya.”

“Kuno kumatentha ndi kale, kakudikira chiyani? Ndiye mwana wa munthu akhale pakampando apa, mawondo pamodzi ngati ali kutchalitchi, kutsogolo kukubwera lole ya nzimbe. Apatuke ndani?”

“Amayi,” anatero abambo aang'ono chapansipansi, “iyitu si mbuzi.”

“Ikanakhala mbuzi bwenzi tikuti ikafa tidya.”

Mwini sitolo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo anatsitsa mtengo popanda womupempha. Agogo anapitiriza: utoto wake ndi wa mbale ya odwala, nyali yake ndi diso limodzi ngati mfiti, mpando wake wang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Munthuyo anatsitsanso.

Ine ndinaima pamthunzi ndikuwerenga zimene ndinkaona. Yakapalasa aiyamikira n'kudutsa. Kasikuta akanyoza, mtengo watsika kawiri. Kwa munthu amene anakulira kumbuyo kwawo pamsika, nkhaniyo inali yomveka: akufuna kasikuta, akufuna ndipite. Koma panali china chimene sichinkagwirizana. Pamsika, akamanyoza mbuzi, dzanja lawo silinkachoka pamsana pake, ngati akuopa kuti wina aitenga. Apa manja onse awiri anali kumbuyo. Ndiponso sankayang'ana wogulitsayo monga ankachitira. Ankayang'ana pansi, pafupi ndi mapazi anga.

Mwina ankaopa kupsa ndi injini. Mwina ankanyozadi, koyamba m'moyo wawo, chinthu chimene ankadana nacho. Mwinanso yakapalasa ija anaiyamikira chifukwa inalidi yabwino. Ndinayesa kukumbukira ngati ndinawamvapo akuyamikira chinthu chimene amachifuna, koma sindinapeze ngakhale tsiku limodzi. Ine amene sanandiuzepo kuti ndine mwana wabwino. Ankati ndine waulesi, ndimayenda ngati nkhono, ndili ndi manja a dothi.

“Chabwino,” anatero abambo aang'ono. “Wokwera ndi uyu. Mwanawe, loza.”

Kwathu mwana sasankha akulu ali pomwepo. Ndinayankha monga ndinaphunzitsidwira: “Chimene mwaona inu.”

“Ife taona zonse. Loza.”

Ndinayang'ana agogo. Anali akumasula mfundo ya pansalu pawo n'kuimanganso, kumasula n'kuimanganso. Ndinadikira kuti atsokomole, kapena atembenuzire msana mbali ina. Sanachite chilichonse. Ntchentche inatera pachigongono pawo, osaiingitsa.

Ndinaloza kasikuta.

Ndiyenera kunena zoona: ndinkakafuna. Kuyambira pamene kanalira ndinali nditadziona ndikulowa pageti ya sukulu belu lisanalire, dilesi lopanda fumbi. Mpaka lero sindidziwa ngati chala changa chinamvera agogo kapena chinamvera ine, n'kubisala kumbuyo kwa agogo.

“Basi,” anatero iwo. Kenako anatembenukira kwa mwini sitolo. “Chisoti chili pamsomalicho mupereke. Mutu wake ndi womwewu, wina alibe.”

Anapereka. Abambo aang'ono anati tikadye kunyumba kwawo, mayi aang'ono aphika. Agogo anati mbuzi sanazimwetse. Anakwera basi yamasana okha, ndipo zovala zanga zinabwera pa ngolo patapita masiku atatu, zitamangidwa m'nsalu yawo yatsopano imene anali asanaivalepo. Nayonso nsaluyo sindinadziwe kuti ndiimve bwanji.

Kukwera ndinaphunzirira pabwalo la mpira la ku esiteti, abambo aang'ono akuthamanga pambali, akukuwa m'zinenero ziwiri. Ndinagwa kangapo, kamodzi m'ngalande yothirira nzimbe. Za laisensi anayendetsa okha. Kuchokera kwawo kupita kuboma kunali kutali kuposa kuchokera kwa agogo, koma msewu unali waukulu, ndipo sindinachedwenso. Malo anga sanapatsidwe kwa wina. Kusukulu anyamata ankanditcha a sisitere, chifukwa akazi okha amene ankawadziwa okwera zoterezi anali a kumishoni. Kunyumba yatsopanoyo ankandisamala. Ankandiitana ndi mfunda wa bambo anga, umene poyamba ndinkaiwala kuyankha.

Patatha masabata atatu chitsegulireni sukulu, ndinapempha petulo woti ndikaone agogo. Kuchoka pamsewu waukulu, kasikutako kanayamba kuvina m'mikwingwirima ya ngolo. Pa Mwanza madzi panalibe, koma mchenga unameza matayala mpaka theka. Ndinazimitsa injini n'kukankha, thukuta likulowa m'maso. Ndinafika pakhomo dzuwa lili paliwombo, miyendo ili mbuu ngati kale.

Agogo anali pansi pa mtengo wa masawu akupeta mapira. Atandiona anaika lichero pansi, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mkeka watsopano umene tinkayalira abusa ndi alangizi a thonje. Anauyala, anabweretsa madzi m'kapu yagalasi, n'kukhala pansi chapatali pang'ono.

“Mwayenda bwanji?”

Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu. Chibadwire anali asananenepo kuti inu kwa ine.

“Ndayenda bwino, agogo. Kaya inu?”

“Tilipo. Atsala bwanji kumeneko?”

Ndinadzuka kuti ndikatenge mtsuko ndikatunge madzi. Anati ndikhale, madzi alipo. Ndinati ndimalize kupeta. Anati ndidetsa dilesi. Anagwira nkhuku yachikazi imene inkaikira, n'kuipha. Pamene ankaisosola ndinasuzumira kuchipinda kwanga. Munali mutadzaza thonje mpaka pafupi ndi denga, ndipo pakhoma ming'alu yomata ija inkaonekabe, dothi lake lakuda kuposa linzake.

Tikudya, anandiikira nthutumba ndi chiwindi, za mlendo. Ndinazisiya pambali.

“Agogo, tsiku lija mumafuna ndiloze chiyani?”

Anatema mbamu ina ya nsima.

“Sabata ino mwachedwa kusukulu?”

“Ayi.”

“Yathayi?”

“Ayi.”

“Nanga.”

“Koma munakanyoza.”

“Si koipa nanga? Taonani mmene kakhaliramo.”

Tonse tinayang'ana kasikutako, kataima pafupi ndi khola, mbuzi ikununkhiza tayala. Ndinadikira kuti apitirize. Anandisunthira mbale.

Dzuwa litapendeka anati ndinyamuke kusanade. Anandimangira masawu ouma ndi ufa wa mapira, n'kundiperekeza, ine ndikukankha, iwo pambuyo. Anthu a pakhomo saperekezedwa. Alendo wamba ankawasiya pa mtengo wa mlambe, achibale ochokera kutali ankawafikitsa kumtsinje. Tinadutsa mlambe uja osaima, ndipo ndinalephera kudziwa ngati ndikondwere nazo. Pagombe anaima.

“Muyende bwino,” anatero. “Mukapereke moni kwanu.”

Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma zonse zinali mafunso, ndipo ndinali nditafunsa kale limodzi. Ndinayankha monga amayankhira alendo.

“Akamva.”

Ndinatsikira mumchenga n'kuyamba kukankha. Kuyambira pamenepo kwa agogo ndinkapitako patchuthi pokha, ndipo ulendo uliwonse nkhuku inkafa.