Alamu anga anaika mahampu pa njanji ya thiramu

Ndisanayambe nditchuliretu mboni, chifukwa kutchalitchi ena amati nkhani zanga ndimathira mchere. Yoyamba ndi a Dennis, mzungu wachikulire woyandikana nafe nyumba ku Bordesley Green. Chichewa samva, ndiye sangatsutse. Yachiwiri ndi akazi anga, make Tadala, anesi, amene anaona zonse koma ali mbali ya adani. Yachitatu ndi chala changa chamkombaphala, chomwe mpaka lero sichipinda bwino. Cholakwa changa, inu owerenga, n'chakuti ndinafuna kubwezera mlamu.

Ine kuno kwa azungu ndinabwera pa viza ya akazi anga. Kunena mosabisa ndine mkamwini, kungoti mudzi wake uli ndi mabasi osanjikizana. Fakitale ya magalimoto ku Longbridge komwe ankagwira ntchito itatsekedwa, a Dennis anasowa chochita, ndiye anandiphunzitsa masewera a akuluakulu a kuno: tisitima toyendera magetsi pathebulo. Ndinamanga zanga m'chipinda cham'mwamba: siteshoni, sukulu, timasitolo, ndi tianthu tating'ono ngati nyemba, tosapempha kanthu.

Chotsala chinali thiramu, kasitima koyenda pakati pa msewu limodzi ndi magalimoto. Njanji yake siitukuka pamwamba ayi. Umaikhomera pathabwa, n'kuthira pulasitala mpaka alingane ndi mitu ya njanji, ndiye asanaume umadutsitsa kachitsulo m'mbali mwake kuti patsale kangalande kolowamo mkombero wa gudumu. Kangalande kameneko ndiye moyo wa thiramu. Ndinakakonza nyengo yonse yozizira, magalasi ali pamphuno, mpaka ana anayamba kundipatsa moni ngati mlendo. A Dennis ataona ntchitoyo anandibwereka thiramu yawo yobiriwira imene malemu akazi awo anawagulira. Anaibweretsa atakulunga m'thawulo ngati khanda.

M'nyumbamo munalinso a Gift, achimwene awo a make Tadala, amene anabwera kudzaphunzira kuyunivesite. Anati akhala nafe masiku ochepa. Khirisimasi inawapeza, inapita, inabweranso n'kuwapeza pampando womwewo. Inu a kuchigawo chapakati mukudziwa kuti mlongo wake wa mkazi wako ndi mwini mbumba. Mkamwini sangamuuze ngakhale zoti atseke firiji.

Tsiku lina ndili kushifiti, a Gift anakwera m'mwamba n'kuona msewu wanga uli ndi ming'alu iwiri yaitali. Mtima unawawawa. Anasakaniza pulasitala wotsala n'kumata zonse kuti see. Ataona kuti msewuwo ukudutsa pasukulu, anaikapo mahampu, n'kuwapaka mizere yoyera.

Nditaweruka ndinaitana a Dennis kuti adzaone ulendo woyamba. Msewu sindinauyang'ane, maso anali pankhope yawo. Thiramu inanyamuka kudepoti komwe njanji inali yoyera, inatenga liwiro, n'kukumana ndi hampu. Ndikulumbira, inauluka. Inadutsa denga la sukulu, inasuzumira pawindo kuona ku Longbridge, kenaka inatulukira pakhomo n'kutsika masitepe limodzilimodzi ngati ikuwawerenga. Poyesa kuiwakha ndinamenyetsa chala pathebulo. Zotsala tinatola ndi tsache. A Dennis anapinda thawulo lawo lopanda kanthu n'kumapita.

“Alamu, mukanapha ana asukulu,” anatero a Gift, akutafuna buledi wanga. “Ine ndangothandiza.”

Make Tadala anati chidole sichingayambanitse munthu ndi achimwene. A Gift analonjeza kuti agula ina akangoyamba ntchito. Anayamba ntchito, anagula jekete lachikopa. Ine ndinakhala m'mwamba n'kumakanda pulasitala ndi singano, ndipo ndikakanda kamodzi ndinkatchula dzina lawo.

Mpata unabwera. A Gift anapeza mbeta, nesi wa ku Hanley dzina lake Chisomo, koma wachibale wamwamuna woti akhale nkhoswe kunalibe. Akulu ampingo anati mlamu sakhala nkhoswe, tidikire amalume akumudzi apeze viza. Ine ndinadzipereka mwachangu moti make Tadala anandigwira pamphumi kuona ngati ndatentha thupi.

Ndinaika mahampu anga. Ulendo woyamba wokaonekera kuchikazi ndinadwala mutu. Wachiwiri ndinasochera, tinakatulukira ku Wales, nkhosa zikutiyang'ana. Wachitatu ndinafika bwinobwino, n'kufotokoza mbiri ya banja kuyambira pa Adamu mpaka mpunga unazizira, tsiku la mwambo osalitchula. Pachinkhoswe penipeni, akuchikazi anabweretsa atsikana ofunda zitenje monga mwa mwambo, kuti tikane abodza tilandire wathu. Abodza ndinawakana. Atavundukula Chisomo, ndinamuyang'ana bwinobwino n'kukananso. Amayi osangalutsa anasiya nthungululu pakati. A Gift anandiyandikira, thukuta lili kamukamu.

“Alamu, chonde. Thiramu ija ndaitanitsa kale.”

Maso anga anatseguka pomwepo, mkwatibwi ndinamuzindikira. Tsiku limenelo ndinavina kuposa eni ake.

Chimene ndinaiwala, inu owerenga, n'chakuti unkhoswe suthera pachinkhoswe. Banja likayambana, foni imalira kwa nkhoswe. Ndipo a Gift ndi munthu wothandiza. Anathandiza kukonza makina ochapira a Chisomo, madzi anakalowa kwa aneba apansi. Anathandiza kusita yunifolomu yake, inasanduka ya mwana. Msewu wa ku Hanley ndinauyenda mpaka galimoto yanga inayamba kukhota yokha ndikafuna kupita kuntchito. Thiramu osabwera. Njanji yanga inagwira fumbi, ndipo a Dennis ankandipatsa moni ndi chibwano chokha.

Choncho amuna anzanga obwera pa viza ya amayi, chipinda cha sitima muzikhoma, mwini mbumba akwiye ngati akufuna. Ndipo mukafuna kubwezera munthu, musasankhe njira yokumangirirani kwa iye moyo wonse. Ingomuthirirani mchere mutiyi, zithere pomwepo. Ine ndinafuna zazikulu.

Thiramu inafika Loweruka lina m'mawa. Nditatsegula chitseko ndinapeza a Gift, dzanja lina bokosi, lina sutikesi. Chisomo anali atawathamangitsa. Ndinalanda bokosi n'kuthamanga nalo kwa a Dennis opanda nsapato. Inali yobiriwira, yofanana ndendende. Anaitembenuza nthawi yaitali, anati si ija, koma anadzuka kukafuna thawulo, ndipo anatereka ketulo.

Pobwerera ndinamva matiresi akukokedwa pamasitepe, kenaka mawu a Gift ochokera m'chipinda cham'mwamba.

“Ankhoswe, ndigona muno masiku ochepa. Koma msewu wanu uja wang'ambikanso. Pulasitala mumasunga pati?”